Mwana wa ku Shuttle Row ndi anzake amene sitiwatchula

Aphunzitsi athu a Sitandade 6 anali ndi nkhani imodzi imene ankaikonda kuposa zonse. Akaona kuti theka la kalasi likuwodzera, kapena ambiri tabwera osalemba ntchito imene anatipatsa dzulo lake, ankaika choko pa tebulo, n'kupukuta manja pa thalauza, n'kuyamba ndi funso lomwe lija: "Inu mukuti mwatopa? Mwatopa ndi chiyani?" Tikangomva choncho tinkadziwa kuti David Livingstone wafika. Ankatiuza za kamnyamata ka ku Scotland kamene kanalowa ntchito m'fakitale ya thonje kali ndi zaka 10, kamene kankagwira kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, kenako n'kupita kusukulu, kenako n'kukawerenganso kunyumba mpaka pakati pa usiku. Pomaliza ankaloza pazenera, chakummwera, n'kunena kuti mzinda wonse wa Blantyre unatchedwa dzina la kwawo kwa kamnyamatako. "Ndiye inu mukuti mwatopa?"

Tinkachita manyazi. Mnzanga amene ndinkakhala naye pa desiki ankadzuka mbandakucha kukathirira dimba asanabwere kusukulu, ndipo nkhani imeneyi ikafika ankangowerama, n'kumakanda desiki ndi chikhadabo. Sitandade 7 sanayambe.

Zimene aphunzitsi aja ankanena ndi zoona, pafupifupi zonse. Chimene ndimakana ndi phunziro limene ankatolamo, limenenso ndimalimvabe m'maulaliki ndi m'zolankhula za alendo olemekezeka pa tsiku lotsekera sukulu: kuti umphawi wa paubwana ndi sukulu yabwino, kuti amene wakanika wakanika yekha chifukwa cha ulesi. Ubwana wa m'matauni a mafakitale a ku Scotland sukunena zimenezo. Ukunena zosiyana kwambiri, ngati munthu ali ndi mtima woyang'ana chipinda chonse, osati mwana mmodzi yekhayo amene anatulukamo.

Livingstone anabadwa pa 19 March 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, m'nyumba yosanjikizana yotchedwa Shuttle Row. Nyumbayo inali ya kampani, ndipo munkakhala mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi. Chipinda chimodzi chimenecho ndiye khitchini, ndiye pabalaza, ndiye kogona makolo ndi ana, ndiye kodwalira, ndiye koberekera. Mabedi anali olowa m'khoma, ndipo kunsi kwake ankasungako kabedi kena kamene usiku ankakakoka kuti ana agonepo. Madzi ankatunga panja n'kukwera nawo masitepe. Ife amene tinakulira m'nyumba za lendi ku Ndirande kapena ku Mtandire chithunzi chimenechi sitichita kufunsa, koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu: ife kukacha moyo umathawira panja, pakhonde, pansi pa mango. Ku Scotland m'nyengo yachisanu dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, panja pali pozizira mofa nato, ndiye anthu onse aja amadzazana mkati pamodzi ndi utsi wa malasha, zovala zonyowa ndi chifuwa cha aliyense. Mwa ana 7 a Neil Livingstone ndi Agnes Hunter, makolo ake a David, awiri anamwalira ali makanda. Ndipo banja limeneli silinali lachilendo. Kalembera wa 1861, patapita zaka pafupifupi 50, anapezabe kuti nyumba imodzi mwa zitatu zilizonse m'dziko la Scotland inali ya chipinda chimodzi.

Agogo ake aamuna a David anachokera pa kachilumba ka Ulva mu 1792 chifukwa kamunda kanalephera kudyetsa banja. Anabwera ku fakitale monga mmene anthu amabwerera mu tauni kulikonse: osati chifukwa choikonda, koma chifukwa kumudzi njala yawathamangitsa.

Tsono ntchito ya mwanayo. M'Chingerezi ankaitcha piecer, ndiko kuti wolumikiza. Makina opota ulusi anali ndi timitengo tozungulira tambirimbiri, ndipo ulusi ukamakokedwa umaduka, apa, apo, uko. Ntchito ya mwana inali kuona pamene paduka, kuthamangirapo, n'kupotokola nsonga ziwirizo ndi zala kuti zigwirane, makina ali chiyendere. Akachedwa, ulusi umaonongeka, ndipo wamkulu woyendetsa makinawo, amene malipiro ake ankadalira kuchuluka kwa ulusi, ankalipsira pa mwanayo ndi lamba. Ankafuna ana chifukwa zala zawo n'zazing'ono, thupi lawo limalowa kunsi kwa makina, ndipo malipiro awo ndi ochepa. M'katimo munkatentha ndi kuchita chinyezi mwadala kuti ulusi usamaduke kwambiri, mpweya uli mbuu ndi tinyenyeswa ta thonje tolowa m'mapapo. Tsiku lonse chiimire, kuyenda uku ndi uku, kuwerama, kudzuka, masiku 6 pa sabata. Kupatula nthawi ya kadzutsa ndi ya nkhomaliro, anali maola oposa 12. Ngozi zambiri zinkachitika chakumadzulo, maso a mwana akayamba kulemera.

Mwana ameneyu ndiye tikuti 8 koloko ikakwana apite kusukulu mpaka 10 koloko. Kampani inalidi ndi sukulu yausiku, ndipo pa ichi tiipatse ulemu wake. Koma aliyense amene anayesapo kuphunzitsa mwana amene wachokera ku ganyu yopalira akudziwa chimene chimachitika pa benchi. Mutu umagwera pa phewa la mnzake. David sanagone. Pa malipiro a sabata yake yoyamba anapatulapo n'kugula buku la galamala ya Chilatini la Ruddiman. Usiku ankawerenga mpaka amayi ake adzuke n'kumulanda mabuku. Atakwezedwa n'kukhala woyendetsa makina ali ndi zaka pafupifupi 19, ankatsamiritsa buku pa makinawo n'kumatola chiganizo chimodzi chimodzi akamadutsa. Sindikuchepetsa chilichonse mwa izi. Anali munthu wa khama loopsa, khama limene pambuyo pake linamuyendetsa kuchoka ku Luanda kukafika ku Quelimane, limenenso linatopetsa pafupifupi mzungu aliyense amene anayenda naye.

Koma taonani zimene anali nazo zimene mwana wa chipinda choyandikana mwina analibe. Bambo ake sankagwira ntchito pa makina. Ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa masamba a tiyi, ankaphunzitsa Sande sukulu, sankalawa mowa, ndipo anali munthu wowerenga. M'chipindamo munali mabuku. Ngakhale mkangano wa bambo ndi mwana unali wa mabuku: bambo ankakayikira mabuku a sayansi, ndipo David mwini anasimba kuti ulendo womaliza kukwapulidwa ndi bambo ake chinali chifukwa chokana kuwerenga buku lachipembedzo la William Wilberforce. Tangoganizani nyumba imene mwana amakwapulidwa chifukwa chosankha buku ili m'malo mwa ilo. Ndi umphawi, inde, koma si umphawi wofanana ndi wa mwana amene bambo ake Loweruka amasiya malipiro onse kumowa. Makolo onse awiri anali moyo. Thupi lake linapirira. Sanadulidwe chala, chifuwa sichinamugwire. Ku Glasgow, mtunda wa makilomita pafupifupi 13, kunali Anderson's College, sukulu ya fizi yotsika imene munthu wamba ankatha kufikira. Ngakhale ndi zonsezi, analowa koleji mu 1836 ali ndi zaka 23, atatha zaka 13 m'fakitale, ndipo m'miyezi yotentha ankabwereranso pa makina kukasaka fizi. Maphunziro ake a ku London anatheka chifukwa bungwe la London Missionary Society linamutenga. Chotsanipo chimodzi mwa izi, dzina la mzinda wathu wa malonda likanakhala lina.

Wina andiyankha kuti mwini wakeyo sanadandaule, ndipo n'zoona. M'buku lake la 1857 lofotokoza maulendo ake analemba kuti akayang'ana m'mbuyo amayamika moyo wothodwa uja, ndipo kukanakhala kotheka kuyambiranso, akanasankha kuyamba motsika momwemo. Mawu amenewa ndi amene alaliki amawakonda. Koma taonani amene akulankhula ndi nthawi imene akulankhulira. Ndi munthu wa zaka 44, wotchuka m'dziko lonse la Britain, amene buku lake likugulidwa ngati mandasi otentha. Munthu amene wawoloka mtsinje wodzaza amayamba kuuyamikira kuti unamuphunzitsa kusambira. Amene anakokoloka salemba mabuku. Ndipo pali chinthu china chimene ndimachiona: ana ake omwe sanawatumize ku makina ali ndi zaka 10 kuti akalandire maphunziro abwino amenewo. Palibe amene amatero. Amene amatamanda umphawi wa paubwana nthawi zonse amautamandira ana a eni.

Mayina ena awiri amabwera kawirikawiri pa nkhani ngati iyi. Mary Slessor, amene anakatumikira ku Calabar m'dziko la Nigeria kuyambira 1876, anafika ku Dundee ndi makolo ake mu 1859 ndipo analowa ntchito m'fakitale ya nsalu ya Baxter ali ndi zaka 11, theka la tsiku pa makina, theka kusukulu. Bambo ake, osoka nsapato, anali chidakwa. Andrew Carnegie anabadwira ku Dunfermline mu 1835. Bambo ake ankaluka nsalu ndi manja mpaka makina anawalanda msika, banja n'kusamukira ku America mu 1848, kumene Andrew anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka pafupifupi 13. Atalemera anamanga nyumba zowerengeramo mabuku zoposa 2,000. Mayina atatu, ndipo onse atatu anachita kuchoka. Tauni ya Dundee imene Slessor anaisiya inapitiriza monga kale: mafakitale a jute, ulusi uja wopangira masaka, ankalemba kwambiri amayi ndi ana chifukwa ndi otsika mtengo, ndipo mnyamata akafika msinkhu woti alandire malipiro a munthu wamkulu nthawi zambiri ankachotsedwa, n'kulowetsa mwana wina. Amuna ambiri ankatsala pakhomo kuwiritsa ketulo akazi ali ku ntchito, mpaka anawapatsa dzina lowanyoza la owiritsa maketulo. Anyamata amenewo anagwira ntchito molimbika kuyambira ali ana. Khama lawo linawafikitsa pa geti, kunja kwake.

Ndiye nchiyani chinachotsa ana a ku Scotland pa makina? Si nkhani zolimbikitsa. Ngakhale chifundo cha mabwana sichinakwanire, ngakhale chinalipo. Pa mtsinje womwewo wa Clyde, chakumtunda, pali New Lanark, kumene David Dale ankagwiritsa ntchito ana mazanamazana otengedwa m'nyumba zosungira amphawi za ku Glasgow ndi Edinburgh. Mkamwini wake Robert Owen atatenga utsogoleri mu 1800 anasiya kulemba ana osakwana zaka 10, anachepetsa maola, ndipo mu 1816 anatsegula sukulu imene inkalandira ngakhale tiana tongoyamba kuyenda. Fakitale sinagwe, inapitiriza kupanga phindu, alendo n'kumabwera kuchokera m'maiko ena kudzaona. Koma mabwana ambiri anaona, n'kugwedeza mutu, n'kubwerera kwawo kukachita zomwe zija. Bwana wabwino ndi mwayi wa amene wamupeza.

Lamulo nalo poyamba linali la pa pepala. Mu 1819 nyumba ya malamulo inaletsa kulemba ana osakwana zaka 9 m'mafakitale a thonje, ndipo inati osakwana zaka 16 asapitirire maola 12 pa tsiku. David analowa ntchito patapita zaka 4 lamuloli litakhazikitsidwa, n'kumagwirabe kuyambira 6 mpaka 8. Panalibe munthu wolembedwa ntchito yoyendera mafakitale. Zinthu zinayamba kusuntha mu 1833, pamene lamulo latsopano linachepetsa maola a ana a zaka 9 mpaka 13 kufika pa 48 pa sabata, linalamula maola awiri a sukulu tsiku lililonse, ndipo linaika oyendera. Anali anayi okha m'dziko lonse, koma anali ndi mphamvu yolowa pa geti ndi kutengera bwana kukhoti. Mu 1844 kunabwera dongosolo la theka la tsiku limene Mary Slessor anadutsamo. Kenako mu 1872 Scotland inalamula kuti mwana aliyense wa zaka 5 mpaka 13 akhale pa sukulu, ndipo makomiti osankhidwa ndi anthu anapatsidwa mphamvu yotolera msonkho n'kumanga masukulu. Kuchokera 1819 kufika 1872 ndi zaka 53. Ana angati anakalamba pa makina m'zaka zimenezo, eni mafakitale akulira kuti akachotsa ana malonda agwa?

Pali mfundo ina yotsutsa imene sindingaipeputse, chifukwa ndi ya makolo osauka eni ake. Ambiri mwa iwo sankafuna malamulowa. Ena ankanama zaka za ana awo kuti alembedwe. Sichinali nkhanza, ndalama ya mwana ndi imene inkakwaniritsa lendi, ndipo m'mudzi wa kampani banja limene silipereka manja ku fakitale linkatha kutaya ndi nyumba yomwe. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Kuuza mayi wotere kuti mwana wake akhale m'kalasi, osamuuza chimene adye madzulo, ndi kumunyoza. Ndikuvomera. Koma mfundo imeneyi ikutsutsa aphunzitsi anga aja koposa mmene ikunditsutsira ine. Ikuonetsa kuti vuto linali malipiro a bambo ndi mayi, amene anali ochepa mwakuti banja silikanakhala moyo popanda zala za mwana. Ana anachokeratu m'mafakitale pamene zinthu zitatu zinakumana: lamulo lokhala ndi mano, sukulu yoti mwana apiteko, ndi malipiro a akuluakulu amene anakwera pang'onopang'ono, mwa zina chifukwa ogwira ntchito anagwirizana n'kumakakamira. Palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene mwana wa zaka 10 akanachipanga ndi khama lake.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi thonjelo. Lambiri mwa thonje limene ana a m'mafakitale a Britain ankalumikiza m'zaka zimenezo linkalimidwa ndi akapolo akuda kummwera kwa America. Ulusi umodzi, nsonga iyi mwana wa kapolo akutola thonje m'munda, nsonga inayo mwana wa mmphawi akulumikiza pa makina. Sindikuwafananiza, wina ankagulitsidwa pa msika ngati mbuzi, winayo ankalandira kandalama ndipo ankabwerera kwa amayi ake usiku. Koma phindu la onse awiri linkathera m'matumba ofanana. Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 n'kuona Amang'anja akulima thonje, akupota ndi kuluka okha, anaona ndi maso a munthu wa m'fakitale. Anazindikira mitundu yake, anayesa utali wa ulusi wake, ndipo analota kuti thonje la kuno likafika ku Britain lidzagwetsa msika wa thonje la akapolo. Malotowo sanakwaniritsidwe monga ankaganizira, ndipo zimene zinatsatira m'mapazi mwake, mishoni ya Blantyre mu 1876, amalonda, kenako boma la atsamunda mu 1891, ndi nkhani ina yokhala ndi zokoma ndi zowawa zake. Ndikungoti fakitale ija inamupatsadi kanthu. Inamupatsa maso a thonje. Mtengo wake unali ubwana wake wonse.

Tibwere kwathu pang'ono, popeza nkhaniyi timaiuza ana athu. Mu 1994 boma litachotsa fizi ku pulayimale, ana oposa 1 miliyoni anakhamukira m'makalasi m'chaka chimodzi, ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Kodi chaka cha 1993 ana amenewo anali aulesi, n'kudzuka ndi khama mu 1994? Chinawatsekera panja chinali ndalama, ndipo chinawatsegulira chinali chigamulo cha boma. Lamulo lathu la za ntchito la 2000 limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14. Lili bwino pa pepala, monga linalili la 1819. Aliyense amene wadutsa m'minda ya fodya nthawi yothyola ndi kusoka, kapena amene amadziwa msinkhu wa katsikana kamene kamalera ana m'nyumba zambiri za m'tauni, akudziwa kuti tikadali pakati pa 1819 ndi 1833. Pamenepa nkhani ya Livingstone ikauzidwa mwa njira ya aphunzitsi anga imagwira ntchito yoipa. Imachotsa mlandu pa bwana, pa boma ndi pa ine wogula, n'kuusenzetsa mwana. Imamuuza kuti wina anatha, ndiye ukalephera ndiwe.

Shuttle Row ilipobe. Mafakitale anagwetsedwa, koma nyumbayo anaipulumutsa n'kuisandutsa malo osungirako mbiri mu 1929, ndipo anaikonzanso n'kuitsegula mu 2021. Amalawi amene amapita ku Scotland amakonda kukajambulitsa pamenepo, ndipo n'zomveka. Chipinda cha banja la Livingstone anachikonza kuti chioneke monga chinalili. Zitseko zina 23 zinali ndi ana awonso, amene ankadzutsidwa ndi belu lomwelo mdima usanachoke, n'kutsika masitepe omwewo.

Sabata yatha pa depoti ya mabasi ndinagula dzira lowiritsa kwa kamnyamata konyamula thireyi pa phewa, kabotolo ka mchere ndi tsabola kali m'thumba la malaya. Inali 10 koloko m'mawa, Lachiwiri, sukulu zili mkati. Ndinakafunsa kalasi. Kanati Sitandade 5, koma lero ayi, amayi akudwala. Kanandiswera dziralo pa mphepete mwa thireyi, kanasenda theka mwaluso osakhudza choyera, kanathira mchere, n'kuwerenga chenji mofulumira kuposa kondakitala. Ndinamva mawu a aphunzitsi anga akukwera pakhosi panga, oti limbikira mwana wanga, kunali wina ku Scotland. Ndinawameza pamodzi ndi dziralo. Basi ina inalowa, kamnyamatako n'kuithamangira.